Matenda oiwalaiwala: agogo a m'tauni ndi agogo a kumudzi amasiyanira pati?

Nachisale (woyang'anira gulu):
Moni nonse. Sabata ino tikambirane za matenda oiwalaiwala, aja achipatala amati dimenshiya. Tiyerekeze agogo awiri a zaka zofanana, matenda amodzimodzi. Wina ali ku Area 47 mu mzinda wa Lilongwe, ana ake ali pa ntchito. Wina ali kumudzi ku Nsanje, akusungidwa ndi mdzukulu. Njira zawo zimasiyanira pati kwenikweni? A WHO amati anthu opitirira 55 miliyoni padziko ali ndi matendawa, ndipo opitirira 60 mwa 100 alionse ali m'maiko osauka ndi opeza pang'ono. Ndikufuna zogwirika, zoti munthu angachite mawa m'mawa. Chonde tisatchule maina a odwala.

aPhiri (kilinikala):
Zimasiyanira pakhomo penipeni, Mayi Nachisale, asanaone n'komwe chipata cha chipatala. Wa m'tauni akayamba kufunsa funso limodzi kasanu, kuiwala mphika pamoto, kusochera pobwera ku tchalitchi, ana amati tiyeni akapimidwe. Wa kumudzi amangoti ndi ukalamba, ndipo tsiku lomwe adzapezeke usiku kuseri kwa nyumba ya eni atavula, dzina limasintha n'kukhala ufiti. Lipoti la bungwe la Alzheimer's Disease International la 2021 linati odwala atatu mwa anayi alionse padziko sanapimidwepo, ndipo m'maiko osauka zimafika 9 mwa 10. Ngakhale wofika pa chipatala chaching'ono amapeza mzere wautali, amaonedwa mphindi zochepa, n'kubwerera ndi panado. Kupima matendawa kumafuna pafupifupi theka la ola, komanso pakhale munthu wogona naye nyumba imodzi woti afotokoze, chifukwa wodwalayo ukamufunsa amayankha mwaulemu kuti ali bwinobwino.

Mbewe:
Koma akuluakulu tinene zoona. Kupimako kuthandiza chiyani poti mankhwala ochiza kulibe? Banja ligulitse nkhuku, lilipire kabaza ndi minibasi, akauzidwe kuti gogo wanu sachira. Si bwino ndalamayo agulire shuga wa phala?

aPhiri (kilinikala):
Funso lanu ndi la anthu ambiri, a Mbewe, koma lili ndi bowo. Si aliyense wosokonezeka mutu amene ali ndi dimenshiya, ndipo zina mwa zimene zimafanana nayo zimachizika ndi mankhwala omwe ali kale m'zipatala za boma.

Choyamba kufunsa ndi ichi: zinayamba liti? Dimenshiya imabwera pang'onopang'ono, miyezi kapena zaka. Ngati gogo anali bwino Lamulungu, pofika Lachitatu sakuzindikira anthu, masana akuodzera usiku akubwebweta, pamenepo thupi ladwala: chibayo, malungo, matenda a m'chikhodzodzo, shuga wakwera kapena watsika, madzi atha m'thupi, kapena wadzimbidwa masiku angapo. Zimenezo n'zothamangira tsiku lomwelo. Okalamba ambiri satentha thupi ngakhale matenda ali aakulu, ndiye musadikire kuti atenthe.

Ngati zabwera pang'onopang'ono, pempheni izi: kuyeza HIV, kuyeza chindoko, kuyeza shuga, BP, ndi kuchuluka kwa magazi. Chindoko chokhalitsa chimalowa mu ubongo patapita zaka zambiri ndipo chimachizika ndi penisilini. HIV nayo imafooketsa ubongo, koma anthu amachita manyazi kuyeza gogo wa zaka 70, ngati kuti sanakhalepo mnyamata. Funsaninso ngati anagwapo n'kumenyetsa mutu m'miyezi iwiri kapena itatu yapitayo, makamaka akumwa mowa, chifukwa magazi amatha kuundana pang'onopang'ono pansi pa chigaza ndipo opaleshoni imathandiza. Pali matenda a chithokomiro, kuchepa kwa vitamini B12, ndi matenda a nkhawa amene amagwira okalamba akaferedwa: munthu amangoti "kaya, sindikudziwa" pa funso lililonse, osadya, osagona. Ameneyo akalandira chithandizo nzeru zimabwerera.

Kusiyana kuli apa tsopano. HIV, chindoko, malungo ndi BP mungayezetse pafupi. Koma chithokomiro ndi B12 kawirikawiri n'kuzipatala zazikulu kapena zolipira, ndipo makina ojambula mutu ali m'mizinda. Wa ku Area 47 zonsezi amaliza m'sabata imodzi.

Sisita Nabanda:
Ndionjezere chimodzi chosafuna ndalama. Popita kuchipatala longedzani m'jumbo mankhwala onse amene gogo akumwa, a kuchipatala, a pagolosale, a zitsamba, pamodzi ndi mabuku onse a kuchipatala, akale omwe. Mankhwala ena wamba amasokoneza mutu wa wokalamba: amitriptyline, piritoni, promethazine, diazepam, benzhexol. Wina anapatsidwa amitriptyline chifukwa cha kuwotcha kwa miyendo, n'kumangolandirabe zaka osafunsidwa. Omwe ali pa mankhwala a shuga monga glibenclamide ndiye oopsa kwambiri: amwa, aiwala kuti amwa, amwanso, osadya, shuga n'kutsikiratu. Mankhwala azisunga ndi munthu mmodzi, iye yekha ndiye azipereka. Koma osasiyitsa mankhwala panokha, makamaka diazepam, amafunika kuchepetsa pang'onopang'ono.

Mlangizi wa ku Dedza:
Pali kusiyana kwina komwe kumabisala m'kapepala kopimira. Mafunso otchuka aja a MMSE, a malikisi 30, amauza munthu kuti achotse 7 pa 100 mobwerezabwereza, alembe chiganizo, akopere chithunzi, atchule deti. Sukulu ya pulayimale yaulere inayamba mu 1994. Amayi amene lero ali ndi zaka 70 kapena 80, ambiri sanagwirepo pensulo. Mukawapatsa mafunso amenewo alephera ngakhale mutu uli bwino, pamene mphunzitsi wopuma amene matenda ayamba kale akhoza bwino ndipo mumubweza kuti alibe vuto. Onse awiri mwawalakwira.

Ku Hai ku Tanzania anakonza njira ina yotchedwa IDEA, ya anthu osaphunzira. Mumamufunsa dzina la mtsogoleri wa mudzi, tsiku la sabata, atchule nyama zambiri momwe angathere m'mphindi imodzi, akumbukire mawu 10 amene mwamuuza, ndipo akonze timitengo ta machesi motsanzira mmene mwakonzera inu. Palibe cholemba. Koma chachikulu n'kufunsa wachibale za ntchito zomwe gogo ankazidziwa bwino: akutha kuphika nsima mpaka kuomola? Akuzindikira chenje pa msika? Akudziwa malire a munda wake? Musanapime onetsetsani kuti akumva ndi kuona. Wogontha amaoneka ngati wosokonezeka, pamene vuto ndi phula lodzaza m'khutu kapena ng'ala.

Mbewe:
Chabwino, za zochizika ndamva. Nanga akapezeka kuti ndi dimenshiya yeniyeni, pepalalo apita nalo kuti?

Wazamalamulo:
Apite nalo kwa amfumu, a Mbewe. Kumudzi pepala limenelo lingapulumutse moyo. Taonani zizindikiro za matendawa: kuyenda usiku, kuvula, kulowa m'nyumba ya eni n'kumati ndi yake, kulankhula ndi anthu omwe anamwalira kale, kuvomera chilichonse chimene wafunsidwa. Gulu likamuzungulira n'kumufunsa kuti "unadya mwana uja ndiwe?", munthu wosokonezeka amati eya. Anthu amati waulula yekha.

Lamulo la za ufiti la 1911 likugwirabe ntchito, ndipo limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomerezanso lamulo loteteza okalamba. Koma tonse tikukumbuka ku Neno mu Januwale 2016, pomwe okalamba anayi anaphedwa mtsikana atafa ndi mphezi. Nkhani ija sinali ya matendawa, koma ikuonetsa mmene gulu limathamangira kwa wokalamba pakagwa tsoka, ndipo wosokonezeka mutu sangadziteteze ndi pakamwa. Bungwe loona za okalamba la MANEPO lakhala likudandaula za kuphedwa kwa okalamba chaka ndi chaka.

Ndiye banja lisadikire kuti zivute. Kilinikala alembe m'buku la kuchipatala momveka bwino. Mwinimbumba atenge bukulo, apite kwa nyakwawa pamodzi ndi mlangizi wa zaumoyo, adziwitsenso apolisi a m'mudzi ndi akulu a mpingo kapena mzikiti. Amfumu alengeze pa msonkhano kuti gogo uje akudwala, mukamuona usiku mubwezeni kwawo. Zikanenedwa kusanagwe maliro anthu amamva. Zikanenedwa maliro ali m'nyumba, amati mukubisa mfiti.

Nachisale (woyang'anira gulu):
Pamenepo pakuonekanso kuti onenedwa ambiri ndi amayi amasiye. Bambo wachuma akasokonezeka amangoti adadi atopa.

Wazamalamulo:
Ndi momwemo mayi, ndipo nthawi zambiri kumbuyo kwake kumakhala munda. Za chuma ndinenepo pang'ono. Wilo imagwira ntchito ngati wolembayo anali ndi nzeru zake pomwe ankalemba, pamaso pa mboni ziwiri. Matenda akangodziwika, akadali koyambirira, ndiyo nthawi yokhala pansi n'kumufunsa mwini wake zofuna zake, za munda, za nyumba, za amene akufuna kuti azimusunga. Mukachedwa chaka chimodzi kapena ziwiri, aliyense angathe kutsutsa. Chinanso ndi foni. PIN ya Airtel Money kapena Mpamba ikadziwika ndi adzukulu atatu, ndalama zochokera kwa ana zimatha tsiku lomwelo, ndipo gogo akadandaula amati waiwala yekha. Nthawi zina waiwaladi, nthawi zina wabedwadi, ndipo posowa kope palibe angasiyanitse. Pakhale kope la 40 peji: deti, zalowa zingati, zagula chiyani, wasaina ndani.

Sisita Nabanda:
Tsono tikambe za wosamalira, poti mtolo wonse uli pa iyeyo. A WHO amati maola 70 mwa 100 alionse osamalira odwalawa amagwira ndi amayi. Kwathu kuno ndi mwana wamkazi, mpongozi, kapena mdzukulu wamkazi amene amayamba kujomba ku sukulu mpaka kusiyiratu. Wa m'tauni amalemba wantchito, masana amapuma. Wa kumudzi ayenera kulima, kutunga madzi, kuchapa zofunda zonyowa tsiku lililonse, usiku osagona. Munthu wotere akakalipa kapena kumenya, si kuti ndi woipa mtima nthawi zonse, watheratu. Achibale obwera pa Khirisimasi okha ndi amene amaweruza msanga.

Chothandiza n'kugawana masiku molemba, osati "tizithandizana" wa pakamwa. Wosamalira apeze tsiku limodzi lathunthu pa sabata, ndi usiku umodzi kapena uwiri wogona nyumba ina. Amvano, a miphakati, a Dorika, amayi a Dawa amayendera kale odwala. Apempheni kuti m'malo mobwera khumi kudzaimba ola limodzi, azibwera awiri n'kukhala maola anayi, mwini apite kumunda kapena akagone. Gulu lalikulu limamusokonezanso wodwalayo.

Mlangizi wa ku Dedza:
Ndipo boma silimuwerengera wosamalirayo. Mtukula Pakhomo, uja unayambira ku Mchinji mu 2006, umasankha mabanja osaukitsitsa opanda wogwira ntchito, pafupifupi 10 mwa 100 alionse. Khomo lomwe lili ndi mayi wa zaka 40 wamphamvu zake limaoneka ngati lili ndi wogwira ntchito, chonsecho mayiyo sangachoke pakhomo ngakhale ola limodzi. Pochita kalembera banja lizinena poyera kuti muli wodwala wofuna kuyang'aniridwa usana ndi usiku, n'kuonetsa buku la kuchipatala. Penshoni ndi ya omwe anali pa ntchito yolembedwa. Mlimi amakalamba wopanda kanthu.

Mbewe:
Ndifunse chovuta. Mayi ali yekha, ayenera kupita kudimba, gogo amathawa. Amutsekere m'nyumba kapena amumange ndi chitenje pa mtengo? Musandiuze kuti zonse ziwiri n'zoipa, ndikudziwa, koma anthu akuchita.

Sisita Nabanda:
Kumanga ayi, a Mbewe, ngakhale ndi chitenje chofewa. Womangidwa amalimbana nacho, khungu la wokalamba ndi lopyapyala limasupuka, chilonda chimalowa matenda, ndipo akaterereka chingamukole pachifuwa kapena pakhosi. Miyendo imafookanso msanga, mwezi umodzi wokha munthu amasiya kuyenda. Kutsekera m'nyumba ya udzu muli moto kapena koloboyi ndiye tisanene.

Yambani n'kufunsa kuti akuthawira kuti. Ambiri amanyamuka dzuwa likapendeka, amati akupita kwawo, kapena kukatsekera mbuzi, kapena kukatenga ana. Ndi nthawi yomwe kale ankakhala ndi ntchito. Mupatseni ntchito nthawi imeneyo isanakwane: kusankha nyemba, kutong'ola chimanga, kusenda mtedza, kupinda zovala. Zilibe kanthu kuti asakaniza. M'mawa muyende naye ndithu kuti atope. Akanena kuti akufuna amayi ake, musamuuze kuti anamwalira kale, chifukwa amalira ngati wamva lero, ndipo mawa mudzabwerezanso. Mufunseni kuti amayi akewo ankaphika chiyani, muyende naye pang'ono, mubwerere naye pakhomo.

Pakhomo pakhale mpanda wa udzu kapena wa bango wokhala ndi chipata chimodzi, chomangirira chitini cha timiyala kuti chizilira. Chitsime chivundikiridwe. Mankhwala a mbewu, a makoswe, feteleza, palafini ndi machesi zikwere pamwamba kapena zitsekeredwe, chifukwa botolo la Fanta lokhala ndi palafini amamwa. Sokererani kansalu kolemba mudzi ndi nambala ya foni ya wosamalira mkati mwa malaya onse amene amavala, osati kamkanda, amakadula. Ngati mayiyo ayeneradi kuchoka, kuli bwino kumutenga gogoyo n'kumukhazika pamthunzi kudimba, kapena kusinthana ndi neba: iwe undiyang'anire m'mawa, ine ndikutungire madzi madzulo. Akasowa, yambani kufufuza kumadzi ndi njira ya kumudzi kwake kwakale, musadikire kuti kuche.

aPhiri (kilinikala):
Palinso chingwe china chomwe timamangira ndi ife achipatala, ndicho mankhwala ogonetsa. Banja likabwera litatopa kuti gogo akuvuta, chosavuta n'kulemba chlorpromazine kapena haloperidol pa mlingo wa mnyamata wodwala misala. Gogo amagona tsiku lonse, thupi limauma, amagwa n'kuthyoka chiuno, amatsamwa, chibayo n'kumutenga. Mankhwala a gulu limeneli amakweza chiopsezo cha sitiroko ndi imfa mwa odwala dimenshiya. Pali mtundu wina wa matendawa, wa Lewy body, umene munthu amaona anthu kapena tinyama tomwe palibe, n'kumayenda mouma ngati wa Parkinson. Ameneyo haloperidol angamuike pangozi ndi piritsi limodzi.

Ukali wambiri ndi ululu umene munthu sakutha kuunena. Yang'anani m'kamwa ngati muli dzino lobooka, gwirani pamimba ngati mkodzo wadzaza, makamaka abambo a vuto la prostate, funsani kuti chimbudzi anapita liti, onani mawondo ndi msana. Yesani panado wa nthawi zake, katatu pa tsiku kwa sabata imodzi, wowonda kwambiri wosafika makilogalamu 50 piritsi limodzi la 500 mg pa nthawi. Ambiri amadekha. Ngati pali ngozi yeniyeni yoti avulaza munthu, malangizo a WHO a za matenda a maganizo, otchedwa mhGAP, amati kuyamba ndi haloperidol wochepa kwambiri, 0.5 mg, n'kumamuonanso pafupipafupi kuti asiye msanga. Vuto n'lakuti wa kutali sabweranso kudzaonedwa, amangotuma mwana kudzatenga mankhwala miyezi ndi miyezi. Maboma ali ndi anamwino kapena makilinikala a matenda a maganizo, funsani tsiku la kiliniki yawo. Zovuta kwambiri zimapita ku Zomba Mental, ku Queens, kapena ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, koma kugoneka wodwala dimenshiya malo achilendo kawirikawiri kumamusokoneza koposa.

Nangondo wa ku Leeds:
Moni a kumudzi. Ndikuona ngati mukuganiza kuti kuno ku UK zonse zili myaa. Zopima zilipo, ma memory clinic alipo, anamwino apadera a Admiral Nurse alipo. Koma ku England munthu wa khansa amathandizidwa ulere ndi NHS, zipatala za boma za kuno, pamene wa dimenshiya kusambitsidwa, kudyetsedwa ndi kusungidwa ku care home amakuwerengera ngati chisamaliro cha khonsolo, ndipo amayamba aona chuma chako. Ukakhala ndi zopitirira £23,250 umadzilipirira wekha, ena mpaka kugulitsa nyumba. Wachibale wosamalira maola 35 pa sabata angalandire Carer's Allowance, yomwe kuyambira Epulo 2025 inali £83.30 pa sabata, ndalama yosakwanira n'komwe lendi. Amene ali pa viza ya ntchito saloledwa kulandira thandizo lotere.

Kafukufuku wa ku University College London wa 2018 anapeza kuti anthu akuda kuno amapezeka ndi matendawa kwambiri kuposa azungu. Komanso ambiri amafika kuchipatala mochedwa, zinthu zitavuta kale. China chimene mabanja athu sakonzekera ndi chilankhulo. Munthu amene waphunzira Chingerezi atakula, matenda akakula chimayamba kuthawa, amatsala ndi cha kwawo. Akamati "ndikufuna kutaya madzi" wantchito samva, gogo amadzinyowetsa, amakwiya, n'kulembedwa kuti ndi wovuta. Banja lilembe pepala la mawu 20 kapena 30 ofunika ndi matanthauzo ake, lipachikidwe pa bedi, lilembenso zakudya zomwe anazolowera. Ndipo Lasting Power of Attorney, chikalata chopatsa wina mphamvu yomuyendetsera zinthu zake, ipangidwe munthu akadali ndi nzeru zosainira, mukachedwa nkhani imapita ku khoti ndipo imadya ndalama ndi miyezi.

Achimwene a ku Joni:
Kuno ku South Africa a SASSA, nthambi ya boma yoona za ndalama zothandizira anthu, amapereka ndalama ya okalamba kuyambira zaka 60, ndi kena kowonjezera kotchedwa grant-in-aid kwa wofuna womusamalira nthawi zonse. Koma n'za nzika, okhala ndi chilolezo chokhazikika, ndi othawa kwawo ovomerezeka. Bambo amene wagwira m'magadeni a ku Johannesburg zaka 30 wopanda mapepala sapeza kanthu. Akayamba kuiwala ntchito imatha, anzake amasonkha ya basi, amatsikira ku Mangochi kapena ku Mzimba kwa abale amene sanamuone zaka zambiri. Pomutumiza choncho pakhale womuperekeza mpaka pakhomo, ndi kalata ya kuchipatala, chifukwa ulendo wa masiku awiri wodutsa Beitbridge ndi Mwanza munthu wotere amatsika pa boda n'kusowa. Komanso tisamaganize kuti nyumba yosungirako odwala ndiye yankho palokha. Nkhani ya Life Esidimeni ku Gauteng mu 2016 inapha odwala matenda a maganizo 144, atachotsedwa kumalo a kampaniyo n'kusamutsidwira ku timabungwe topanda ziphaso zoyenera pofuna kupulumutsa ndalama. Ambiri anafa ndi njala, ludzu ndi kusasamalidwa.

Nangondo wa ku Leeds:
Funso kwa a famase. Anzathu ambiri kuno amafuna kutumiza donepezil kumudzi. N'zothandiza?

Wafamase:
Asisi, mosamala. Donepezil sachiza, amangochepetsako zizindikiro kwa kanthawi mwa ena, makamaka a mtundu wa Alzheimer, umene ndi 60 mpaka 70 mwa odwala 100 alionse. Amayamba ndi 5 mg kamodzi pa tsiku, pakatha mwezi kapena kuposerapo n'kukweza kufika 10 mg ngati thupi lalola. Amachititsa nseru, kutsegula m'mimba, kuonda, maloto oipa, ndipo amachedwetsa kugunda kwa mtima, moti gogo amene ali kale pa atenolol kapena propranolol angakomoke n'kugwa. Pafunika wina woyeza kugunda kwa mtima asanayambe ndi pambuyo pake. Kutumiza mabokosi atatu kenako n'kusiya poti wobwera nawo wasowa, palibe chomwe mwachita. Aja atsopano mumawamva, lecanemab ndi donanemab, ndi a diripi, amafuna kujambula ubongo ndi MRI kangapo, ndipo lecanemab ku America anamuika pa $26,500 pa chaka. Ngakhale a NICE, bungwe lounika mankhwala ku England, anakana kuti NHS iziwagula, poona kuti phindu lake ndi lochepa poyerekeza ndi mtengo.

Ndalama yomweyo ingachite zambiri mukagula makina oyezera BP a mabatire, kulipira thiransipoti ya ku kiliniki mwezi ndi mwezi, ndi kumulipira kenakake wosamalira. Kuno BP yosasamalidwa ndi sitiroko n'zofala, ndipo zimawononga timitsempha ta mu ubongo. Dimenshiya yobwera chifukwa cha zimenezi imatsika ngati masitepe, lero ali apa, wagwidwa kasitiroko kakang'ono, watsikanso. Kusunga BP pansi pa 140/90 kumateteza zomwe zatsala. Akatswiri a Lancet Commission mu 2024 anatchula zinthu 14 zopeweka zomwe zimakhudza pafupifupi 45 mwa odwala 100 alionse: kusaphunzira, kugontha, kusaona, BP, shuga, fodya, mowa, kuvulala mutu ndi zina. Mukaziwerenga muona kuti zambiri zimagwera wosauka. Achinyamata a kabaza opanda zipewa aja tidzakumana nawo.

Sisita Nabanda:
Pa zotumiza, a Nangondo, lembani izi: makintoshi awiri, zofunda zopepuka zouma msanga zinayi, sopo, Vaseline, magolovesi, tochi ya sola, ndowa ya chivundikiro, ndi matilesi. Mapampasi a akulu ndi abwino koma wodwala amatha atatu kapena anayi pa tsiku, banja la kumudzi silingakwanitse, ndipo akasowa amamusiya ndi limodzi tsiku lonse, khungu n'kupsa. Njira yotchipa n'kumuperekeza kuchimbudzi maola awiri kapena atatu alionse osadikira kuti anene, makamaka akangodzuka, akatha kudya, ndi asanagone. Pampasi likhale la usiku ndi la paulendo. Chimbudzi chokumba chonjuta n'chovuta kwa wa mawondo ofooka, ndipo usiku n'chowopsa. Boolani mpando wakale pakati, ikani ndowa pansi. Musamumane madzi poopa kukodza, amwe makapu 6 mpaka 8 masana, muchepetse maola awiri asanagone.

Akafika pogona osadzuka, adani ndi awiri: zilonda ndi kutsamwa. Mutembenuzeni maola awiri alionse, kumanzere, chagada, kumanja, ndi kansalu kopinda pakati pa mawondo ndi pansi pa akakolo kuti zidendene zisagunde pansi. Tsiku lililonse onani m'chiuno, pamchira wa msana ndi zidendene. Pakafiira kapena kuda ndipo sipakubwerera mukadina ndi chala, chilonda chayamba, asagonerenso mbali imeneyo, ndipo musapatikite. Wogona pamphasa pa simenti amachita zilonda m'masiku ochepa, n'chifukwa chake matilesi ndawaika pa mndandanda.

Podyetsa akhale tsonga, mutu woweramira pang'ono kutsogolo, supuni yaing'ono, mudikire ameze musanapatsenso. Phala lolimbirako la nsinjiro, mbatata yokanya, nthochi, dzira, mapeyala. Zamadzimadzi kwambiri ndi zimene zimalowa njira ya mpweya. Akamakhosomola pomeza kapena mawu akamamveka ngati muli madzi pakhosi, imani kaye. Akatha kudya akhalebe tsonga mphindi 30, ndipo chotsani zotsalira m'masaya ndi kansalu koyera. Osamudyetsa ali chogona kapena akuodzera, ngakhale achibale akunena kuti mukumumana.

Mlangizi wa ku Dedza:
Pa siteji imeneyo pemphani kuti alembedwe ku chisamaliro cha odwala matenda osachizika. Anthu amaganiza kuti n'cha khansa ndi Edzi zokha, koma wa dimenshiya ali ndi ufulu womwewo. Ku Queens kuli Tiyanjane, ku Salima kuli Ndi Moyo, ndipo zipatala za maboma zili ndi anamwino a ntchito imeneyi. Kungoti mwayi umatengera mtunda: wokhala pafupi amayenderedwa, wa kutsidya kwa mtsinje nthawi ya dzinja amadikira mpaka madzi aphwe.

Mbewe:
A Mlangizi, inu mumayenda khomo ndi khomo kulemba ana a sikelo ndi amayi oyembekezera. M'kaundula wanu muli danga la agogo oiwala?

Mlangizi wa ku Dedza:
Ntchito yathu yambiri imayang'ana ana, amayi, katemera ndi ukhondo, a Mbewe, ndiye wokalamba amalowa nkhani pokhapokha wina atamutchula. Koma palibe choletsa kufunsa mafunso atatu pakhomo lililonse lomwe pali wa zaka 60 kupita m'tsogolo: kodi akuiwala kuposa chaka chatha, kodi wasiya ntchito yomwe ankaitha, kodi anasocherapo. Pakapezeka eya mmodzi, timuyeze BP, tilembe kalata yopita kwa kilinikala, tiuze banja kuti apite ndi amene amagona naye nyumba imodzi komanso jumbo ya mankhwala ija.

aPhiri (kilinikala):
Pa kalatayo muzilembaponso kuti zinayamba liti, komanso ngati anagwapo. Ndipo auzeni abwere chakumasana mzere utachepa, asabwere Lolemba m'mawa.

Nachisale (woyang'anira gulu):
A Wazamalamulo, wina wandifunsa kumbali: ngati achibale agulitsa kale munda wa gogo pomudindisa chala ali wosokonezeka, ayambire kwa amfumu, ku ofesi ya zachisamaliro cha anthu, kapena ku Legal Aid Bureau? Mukapeza mpata muyankhe pompano kuti ena aonenso.